Zitenje za Kudenga

Nyumba ya mwana wanga wamkazi ku Oshawa ilibe chipinda cha pansi pa nthaka ngati nyumba zambiri za kuno. Amene anaimanga anasowa poika makina otenthetsa ndi kuziziritsa nyumba, ndiye anangowakweza kudenga, pakati pa siling'i ndi matabwa a denga lenilenilo. Pafupi ndi chitseko cha chipinda changa pali kachitseko ka m'siling'i. Ukakakoka, makwerero amatsika okha. Masiku oyamba ndinkamva makinawo akung'ung'udza pamwamba pa mutu wanga n'kumaganiza kuti ndi galimoto yaima panja.

Ndinabwera kuno mkazi wanga atamwalira. Mwana wangayo ndi namwino, amakwera sitima m'mamawa kupita ku Toronto. Mwamuna wake ndi wa ku Chipata, amagwira ntchito ya makompyuta. Ali ndi mwana mmodzi, mtsikana, amene chaka chimenecho anali atangoyamba sukulu. Onse akachoka ndinkatsala ndekha, manja ali lende, ine munthu amene moyo wanga wonse sindinakhalepo tsiku osagwira kanthu.

Kwathu mkamwini ndiye amapita kukakhala pamudzi pa mkazi wake, n'kumalima munda wa apongozi, n'kumayankhula ataweramitsa mutu. Kwa ine zinatembenuka, mpongozi ndinadzakhala pakhomo pa mkamwini. Koma ulemu wokha sunatembenuke. Ndikalowa pabalaza ankadzuka. Sananditsutsepo. Tsiku lina ndinanena kuti basi yopita kuchipatala imadutsa pamsewu wathu, pamene siidutsa. Iye anangoti, "N'kutheka, atate," m'mawa mwake n'kundiperekeza yekha pa galimoto. Inenso sindinkamufunsa kanthu maso ndi maso. Zonse zinkadzera mwa mwana wanga. Ndinkaona kuti umenewo ndiwo mtendere, ndipo ndinkamutama nawo kwa anzanga a kutchalitchi.

Masamba atayoyoka m'mitengo, mwana wanga anandipempha kuti ndikweze masutikesi kudenga chifukwa ankadya malo. Limodzi mwa masutikesiwo linali la zitenje za malemu amayi ake. Ankati tsiku lina akadzapeza mpata adzasoketsa zina, zina adzasungira mwana wake akadzakula.

Nditangotulutsa mutu kudengako, chisanu chinandimenya kumaso ngati ndili panja. Pansi ponse panali poyala thonje la pinki lija amati limasunga kutentha, loyabwa m'manja. Pakati panali makinawo, ndi mapaipi akuluakulu onyezimira opita uku ndi uku. Ndinawerenga zonse zolembedwa pa makinawo, pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, monga ndimawerengera Chingelezi. Zinkanena za moto ndi za magetsi. Kenaka ndinayang'ana m'mbali, kumene denga limatsika kukakumana ndi khoma, ndipo ndinaona kuwala. Kunali timipata tondandalika mbali yonse, mphepo ikulowa mwaufulu. Ndinakwawa kukaika dzanja. Nditayerekeza bwino, ndinapeza kuti pansi penipeni pa malo amenewo ndi pamene pali bedi la mdzukulu wanga.

Mipata yotere ndimaidziwa. Ndili mnyamata wongokwatira kumene tinkakhala kumapiri a ku Dedza, m'nyumba imene khoma lake silinkafika kudenga. Mkazi wanga anandiuza kuti ndimate mpatawo Juni asanafike. Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba sukulu ya kwacha, munthu wandevu kumaphunzira a, e, i, o, u, ndipo ndikaweruka kuntchito mtima wonse unkakhala kumeneko. Ndinkangoti ndimata Loweruka. Mwana wathu woyamba, wamwamuna, anadwala chibayo m'chisanu cha chaka chimenecho, ndipo sanachire. Palibe anandiloza chala. Adokotala anati chibayo sichilowera pa mpata wa denga. Mkazi wanga sanaitchulepo nkhaniyo kwa ine mpaka imfa yake. Koma kuyambira pamenepo sinditha kuona mpata n'kuusiya.

Ndinatsekula sutikesi lija. Ndinadziuza kuti zitenje zikungokhala, ndipo eni ake akanakhala ndi moyo akanavula ndi chimene avala kuti mdzukulu wawo asagone pamphepo. Ndinazipinda chimodzichimodzi, n'kuzikulunga ngati mikeka, n'kuzimanga ndi timizere ta nsalu, n'kuzilowetsa m'mipatamo. Zitenje zitatha ndinatenga majekete akale ndi matawulo. Ndinagwira ntchitoyo mpaka kuwala konse kwa m'mbali kutazima. Ndinatsika mawondo akuwawa, koma tsiku limenelo ndinadya bwino. Sindinauze munthu. Ndinkafuna adzazindikire okha kuti chaka chino m'nyumba mukufunda.

Patapita masiku ndinakweranso kukaona ntchito yanga. Ndinapeza kuwala kwabwerera. Nsalu zonse zinali zitachotsedwa, n'kusanjidwa bwinobwino pamwamba pa sutikesi.

Poyamba ndinati ndi agologolo, poti kuno ndi ambiri ndipo amalowa m'madenga. Koma gologolo sasanja zinthu. Ndinadziwa kuti ndi mkamwini wanga, amene ankakwera kumeneko nthawi ndi nthawi kukasintha sefa ya makina. Ndinaganiza kuti mwina akumvera chisoni zitenjezo, kapena mwana wa m'tauni uyu sadziwa chimene mphepo imachita kwa mwana wogona. Akanakhala ndi chifukwa chenicheni akananena, ndinatero mumtima, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti sakananena. Ndinazibwezera, ulendo uno mothinitsa ndi mpini wa tsache.

Anazichotsanso. Ndinazibwezeranso. Patebulo tinkapatsirana mchere mwaulemu.

Tsiku lina madzulo, mwana wanga ali kukhitchini, mkamwiniyo anakhosomola pang'ono, maso ali pa mbale yake.

"Atate, kudenga kuja, nyumba za kuno zimafunako kupuma pang'ono."

"Ndi zoona, apongozi," ndinayankha. "Chilichonse chimafuna kupuma."

Zinathera pomwepo. Iye anaganiza kuti ndamva. Ine ndinaganiza kuti wangocheza. M'mawa mwake ndinakwera, n'kukankhira nsalu zija mkati kwambiri mwa mipata, kumene diso silifika, n'kukokera thonje la pinki pamwamba pake mpaka kukagunda matabwa. Atakweranso sanaone nsalu paliponse, ndipo anayesa kuti ndazibwezera m'sutikesi.

Chisanu cha chaka chimenecho chinali choopsa. M'mphepete mwa denga lathu munalendewera mikondo ya ayezi yaitali kuposa ya nyumba zonse za pamsewu wathu. Mdzukulu wanga ankaikonda, ankandikoka dzanja kuti ndimuthyolere umodzi. Ine ndinkanyada nayo, osadziwa kuti ndi chizindikiro cha vuto.

Kenaka kunafunda mwadzidzidzi kwa masiku angapo, chipale chofewa cha padenga n'kuyamba kusungunuka. M'siling'i ya chipinda cha mwanayo munatuluka banga lachikasu. Linakula, n'kuyamba kudontha pa shelefu ya mabuku ake. M'chipindamo munkanunkha ngati chimanga chonyowa. Ndipo mwanayo anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chosatha. Ndikamva chifuwacho kudzera pakhoma, ndinkakumbukira nyumba ya ku Dedza ija.

Tsoka lake linali lakuti thonje la pinki lija analiwonjezera yekha mkamwini wanga, chaka chimene ndinabwera, mothandizana ndi mnzake wa kuntchito. Mwana wanga ankafuna aitane mmisiri, iye anati waonera mmene amachitira ndipo palibe chovuta. Ndiye banga litatuluka, mlandu unapeza mwini wake msanga.

Linali Loweruka m'mawa, tili pa tiyi.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni, abambo ake?" anatero mwana wanga. "Ndinati itanani munthu wodziwa. Inu mwati ayi, ndaonera pa foni. Lero mwana akupuma chuku."

"Nizakonza, amake mwana."

"Mukonza ndi foni yomweyo? Ine ndimakhala tsiku lonse ndi anthu opuma movutika. Ndibwere kunyumba ndidzapezenso wodwala wopangidwa ndi bambo ake?"

"Nalakwa. Manje naitana kale munthu, azabwera mkati mwa wiki."

"Munthu wamkulu woti sungamusiyire nyumba. Ababa, mukuziona izi? Muwauzeko apongozi anuwa, mwina inu akumverani."

Ndinali nditagwira kapu ndi manja onse awiri. Mkamwini wanga sanandiyang'ane ngakhale pang'ono, ndipo kusandiyang'anako ndi kumene kunandiuza kuti akudziwa, kapena akukayikira. Inenso mumtima ndinali nditayamba kale kulumikiza banga lija ndi malo amene ndinagwirapo ntchito. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Zimachitika, mwanawe. Musakangane pamaso pa mwana." Ndinamwa tiyi wanga mpaka kumaliza.

Mdzukulu wanga anasamukira kuchipinda cha makolo ake. Bambo ake anasamukira pa sofa. Anati n'chifukwa bedi lachepa, koma ndakhala m'banja ine, ndimadziwa kuchepa kwa bedi. M'nyumbamo anthu awiriwo ankangouzana zofunika, za sitima ndi za sukulu. Ndinamva mwana wanga akuuza alamu ake a ku Hamilton pa foni kuti watopa ndi munthu wosamva, ndipo nkhaniyi si ya denga lokha. Alamu akewo ndi amene anaimira ngati ankhoswe pa ukwati wawo kuno. Ndinadziwa kumene mawu otere amalowera.

Mmisiri anabwera mwana wanga ali kuntchito. Anali mzungu wachikulire, wamfupi, woyankhula pang'onopang'ono moti ndinkamumva bwino. Anakwera ndi mkamwini wanga, ine ndinaima pa makwerero, mutu wokha uli kudenga. Atawalitsa tochi ndinaona matabwa amene ndinawasiya oyera atada bii ndi chuku, ndipo pa nsonga ya msomali uliwonse panali dontho la madzi.

Anafotokoza kuti denga lotere liyenera kuzizira ngati panja. Thonje lija ntchito yake ndi kusunga kutentha pansi, m'zipinda. Koma nthunzi ya m'bafa, ya m'khitchini ndi ya mpweya wa anthu imakwerabe, ndipo paipi imodzi ya makina inali itamasuka pang'ono polumikizira, n'kumapumira mpweya wofunda kudengako. Mphepo imayenera kulowa pansi, pa timipata ta m'mbali tija, n'kutulukira pamwamba pa denga itanyamula chinyezicho. Ikapanda kulowa, chinyezi chimaundana n'kukhala chisanu choyera pa matabwa, ndipo kukafunda chimagwa ngati mvula.

Ndinakumbukira nkhokwe. Ine ndaluka nkhokwe zambiri. Palibe munthu wanzeru amene amatsekera chimanga chosauma m'malo osapita mphepo. Ndinkazidziwa zimenezi kuyambira ndili mwana, koma sizinandibwerere m'mutu nditagwada kudenga kuja.

Mmisiriyo anakwawira m'mbali, n'kusuntha thonje, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Anatulutsa mkulungo wa nsalu ukudontha madzi. Anatulutsanso wina. Anaseka pang'ono, n'kufunsa kuti ndani anachita zimenezi.

"Ndine," anatero mkamwini wanga m'Chingelezi, mosazengereza. "Sindinkadziwa."

Anatolera zonse m'jumbo lalikulu lakuda, n'kukalibisa kuseri kwa matayala m'garaja. Mmisiri atapita anandipeza pabalaza. Sanakhale pansi.

"Zapita izi, atate. Osaganiza maningi."

"Apongozi, koma..."

"Amake mwana akwiyira ine kale. Akakwiyiranso imwe, nyumba izakhala bwanji? Ine nizolowera."

Ndinamuthokoza. Ndimachita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinamuthokozadi, ndipo ndinamva kupepukidwa. Usiku umenewo iye anagonanso pa sofa.

Ndinatsimikiza kuti ndimuuza mwana wanga. Ndinati ndimuuza Lamlungu tikachoka kutchalitchi. Lamlungu anabwera atatopa, ndinati ndidikire apume. Ndinati ndimuuza akakhala pa ofu. Pa ofu anapita ndi mwana kwa dokotala. Ndinadzimva ndikunena mumtima kuti Loweruka, ndipo ndinazindikira liwu limenelo, koma Loweruka linafika n'kupita. Chimene ndinkaopa ndikuchidziwa. Ndinkaopa kuti adzandiona ngati nkhalamba yoti singasiyidwe yokha m'nyumba. Ndinkaopanso zitenje zija, poti zinali zokhazo zimene anabwera nazo za amayi ake. Mmawa uliwonse ndinkadutsa pabalaza n'kuona bulangete litapindidwa pa sofa, n'kupitirira kukawiritsa madzi.

Mwana wanga anazipeza yekha. Kunaundananso, ndipo anapita m'garaja kukafuna mchere wothira pakhomo kuti pasaterere. Analowa m'nyumba jekete osavula, atanyamula jumbo lija. Analikhuthula pakati pa balaza. Fungo linadzaza nyumba. Pamwamba panali chitenje chobiriwira chimene amayi ake anavala tsiku la ukwati wathu, chili madonthomadontho akuda.

Sanakuwe. Anayang'ana mwamuna wake, mawu ali pansipansi.

"Mpaka nsalu za amayi anga?"

Mkamwini wanga anadzuka. Ndinamuona akutsekula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti avomeranso. Ine ndinali pampando wanga wa pawindo. Ndikanakonda kulemba kuti ndinayankhula. Koma ndinali ndikufunafunabe poyambira.

Mwana wanga anali atagwada, akuyesa kumasula mkulungo umodzi. Zala zake zinaima pa mfundo. Pali kamangidwe kamene ndimamangira mtolo uliwonse, kuzunguliza kawiri n'kupisa nsonga pansi, kuti ukakoka imasuke yokha. Ndi mmene ndinkamangira katundu wake popita ku sekondale. Anakoka nsonga, mfundo inamasuka. Anatenga mkulungo wina, n'kukokanso. Kenaka anatembenuka.

"Ababa."

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Inu munkadziwa?" anatero kwa mwamuna wake.

"Ninazichotsako kangapo. Ninaganiza kuti asiya."

"Munazichotsa kangapo. Ababa n'kumabwezera. Osauzana?"

"Ninawauza kuti nyumba imafuna kupuma."

"Anandiuzadi," ndinatero. Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinatulutsa.

Anakhala pansi pomwepo, pakati pa nsalu zonunkhazo, n'kutiyang'ana mosinthasintha.

"Amuna awiri akuluakulu m'nyumba imodzi, kumakambirana ndi zitenje. Ine kumanyoza munthu pamaso pa bambo anga, bambo angawo akumwa tiyi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ababa, tsiku lija ndinakufunsani. Ndinati mukuziona izi?"

Mdzukulu wanga anatuluka m'chipinda n'kufunsa m'Chingelezi kuti chikununkha n'chiyani. Amayi ake anamuuza kuti abwerere.

Zimene anakambirana awiriwo sindinazimve. Ndinangoona kuti m'mawa mwake pa sofa panalibe bulangete, ndipo alamu a ku Hamilton sanabwere. Kwa masiku angapo mwana wanga ankandipatsa moni ndi chakudya, basi. Sananene zondichotsa. Tsiku lina ndinayamba kumufotokozera za nyumba ya ku Dedza, iye anandidula.

"Ndikuidziwa, ababa. Amayi anandiuza kalekale. Anatinso sanakuimbenipo mlandu."

Sindinkadziwa kuti mkazi wanga anaitchulapo nkhaniyo kwa munthu aliyense.

Mmisiri anabweranso ndi anzake. Anachotsa thonje lonyowa, n'kupala matabwa, n'kuwapopera mankhwala. Anamata paipi ija. M'mbali monse anakhomamo timigula ta pulasitiki tolekanitsa thonje ndi matabwa, kuti mphepo izikhala ndi njira yake ngakhale wina atakankhira thonjelo. Chifuwa cha mwana chinatha masamba atayamba kuphuka. Adokotala anati mwina chinali cha chuku, mwina cha kusukulu, sangatsimikize. Zitenje anazichapa mobwerezabwereza. Zingapo zinayera. Chobiriwira chija chinakana, ndipo sindidziwa kumene anachisunga.

Chaka chotsatira, masamba atayoyokanso, mkamwini wanga anakoka kachitseko ka m'siling'i kuti akasinthe sefa. Anandipempha ndimugwirire tochi. Ndinakwera pambuyo pake. M'mbali monse munali kuwala, mphepo ikulowa, yozizira ngati ya tsiku loyamba lija, pamwamba penipeni pa bedi la mdzukulu wanga. Pafupi ndi bondo langa panali kachidutswa ka thonje kotayika. Sindinazindikire kuti ndakatola mpaka nditamva mawu ake.

"Atate, musagwire. Siyani choncho."

Aka kanali koyamba kundiletsa chinthu chibwerereni m'nyumba yake.

"Ndamva, apongozi," ndinatero.

Ndinakaika pansi, n'kumuwalitsira pamene ankagwira.